Kalata Yomanga Mwana, Yosiya Akulu

Tsiku Lacitatu, pa 6 February m'caka ca 2013, mnyamata wa zaka 18 dzina lace Eddie Vanderdoes anatenga colembera nalemba dzina lace pansi pa kalata. Izi zinacitika m'tauni yaing'ono ya Auburn, m'munsi mwa mapiri a cigawo ca California ku America, kumene mnyamatayu anakulira ndi kuphunzira pa sukulu ya sekondale ya Placer. Linali tsiku la cimwemwe, pakuti mwanayo anali atapeza malo pa yunivesite ya Notre Dame, imodzi mwa sukulu zomveka m'dziko lonselo, ndipo makolo ace sanali kudzalipira ngakhale kobiri limodzi. Kulemba dzinalo sikunatenge mphindi yathunthu. Koma pamene Eddie anafuna kulifafaniza, panabuka makani amene anafika m'manyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo sanathe kufikira kumapeto kwa July.

Owerenga asayese kuti mpira umene Eddie anali kusewera ndi uja womenya ndi phazi. Mpira wa ku America uli ndi maonekedwe a dzira, umanyamulidwa m'manja ndi kuponyedwa m'mwamba, ndipo osewera ace amabvala zisoti zolimba ndi zochinjiriza mapewa cifukwa amagundana ngati nkhunzi za ng'ombe. Eddie anali cimphona ca mnyamata, wolemera makilogramu oposa 130, ndipo nchito yace inali kuima pamzere wakutsogolo, kuboola khoma la adani ndi kugwetsa ali yense amene wagwira mpira. Anthu oyang'ana maluso a ana a sukulu anamuika pakati pa anyamata opambana a caka cimeneco m'dziko lonse, motero makoleji akulu-akulu monga Alabama, USC, UCLA ndi Notre Dame onse anali kumfuna.

Kumfunako sikunali kwa cifundo cabe. Ku America mpira wa m'makoleji ndi malonda akulu. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, la Notre Dame panthawiyo linali kulowa oposa 80,000, ndipo makampani a wailesi ya kanema amalipira mamiliyoni a madola kuti aonetse masewerowo. Mphunzitsi wamkulu wa timu, amene anyamata amamuchula kuti koci, kawiri-kawiri amalandira malipiro oposa a mkulu wa yunivesite yonse. Koma m'masiku a Eddie wosewera sanali kulandira malipiro. Cace cinali basare, ndiye kuti ndalama za sukulu, cipinda cogona, cakudya ndi mabuku. Ndiponso panalibe njira yapafupi yolambalala koleji, pakuti ligi yaikulu ya NFL, kumene kuli cuma, silandira mnyamata kufikira patapita zaka zitatu cicokere ku sekondale. Cotero mwana wa zaka 17 kapena 18 amasankha kopita akudziwa kuti tsogolo lace lonse lapacikika pa cosankhaco.

Kalata imene Eddie anasaina inali kudziwika ndi dzina lakuti National Letter of Intent. Koleji inali kulonjeza kupatsa mnyamata basare kwa caka cimodzi ca maphunziro, ndipo mnyamata anali kulonjeza kukhala pa kolejiyo caka cathunthu. Akangosaina, makoleji ena onse anali oletsedwa kumnyengerera. Matelefoni ndi maulendo a okopa zinali kuleka tsiku lomwelo. Ngati mnyamata sanakwanitse zaka 21, kholo kapena womlera anayenera kusaina naye pamodzi. Dzina silinali kulembedwa isanakwane 7 koloko m'mawa wa tsiku loikika, limene kwa osewera mpira uwu linali Lacitatu loyamba la February, ndipo koci sanali kuloledwa kubweretsa kalatayo kunyumba ndi manja ace kapena kuimirira pambali poisaina. M'masukulu a sekondale tsikuli linasanduka phwando: mnyamata anali kukhala pa tebulo pataikidwa zipewa za matimu atatu kapena anai, makamera atampenya, kenaka natola cimodzi nabvala anthu akukuwa. Ku makoleji nako, akulu-akulu olandira mamiliyoni anali kuunjikana mozungulira kamakina ka fakisi m'ofesi, kudikira mapepala ngati ana odikira kuti nsima iphulidwe.

Koma m'kalatamo munali ziganizo ziwiri zimene ambiri anali kuziwerenga mothamanga cifukwa ca cimwemwe. Coyamba cinali cakuti wophwanya pangano, ngati koleji yace sinammasule, adzataya caka cimodzi pa zaka zinai zimene lamulo linali kupatsa wosewera, ndiponso adzayenera kukhala caka cathunthu pa koleji yatsopano asanalowe m'bwalo. Caciwiri cinanena poyera kuti mnyamata wasaina ndi koleji, osati ndi koci, ndipo ngakhale kociyo atacoka mawa lace, pangano likhalabe cimangire.

Amene anayamba kalatayi sanali ndi mtima woipa. Isanakhalepo, makoleji anali kulandana anyamata popanda manyazi. Mwana atabvomera kale kupita ku koleji ina, ena anali kumtsatabe kufikira tsiku lotsegulira sukulu, nthawi zina ngakhale atalowa kale m'kalasi. M'caka ca 1964 magulu asanu ndi awiri a makoleji, motsogozedwa ndi Profesa J. William Davis wa ku Texas Tech, anagwirizana kuti pakhale cikalata cimodzi cothetsa mkokemkoke umenewu, ndipo m'kupita kwa zaka makoleji oposa 600 analowamo. Kwa mnyamata wamba, amene sanali kulimbiranidwa ndi ambiri, kalatayi inali cinthu ca mtengo wapatali, umboni wolembedwa wakuti malo ace sadzapatsidwa kwa wina akathyoka mwendo m'mwezi wa April. Zimenezi ziyenera kunenedwa, cifukwa onyoza kalatayi amakonda kuiwala anyamata zikwi-zikwi amene inawachinjiriza mwakacetecete.

AGOGO ADWALA

Pasanapite miyezi inai cisainire, mphekesera zinayamba kumveka kuti Eddie safunanso kupita ku Notre Dame. Yunivesiteyi, imene ndi ya Mpingo wa Katolika, iri pafupi ndi mzinda wa South Bend m'cigawo ca Indiana, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 3,000 kucokera kwao. Kuciyambi kwa June mnyamatayo ananena poyera kuti adzapita ku UCLA, mu mzinda wa Los Angeles m'cigawo ca kwao comwe, cifukwa ca zobvuta za m'banja. Poyamba sanafune kuulula zambiri, koma pambuyo pace kunamveka kuti agogo ace akazi anali kudwala ndipo iye anafuna kukhala kumene angathe kumawaona. Anapempha Notre Dame kuti immasule. Koci wa timuyo, Bambo Brian Kelly, anakana. M'mau amene anatumiza kwa atolankhani anafunira mnyamatayo mafuno abwino, koma anati sammasula cifukwa afuna kusunga ulemu wa dongosolo la kalatayi.

Bambo Kelly sanali opanda mfundo. Akulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo munthu amene sanaphunzire kusunga mau ace ali mwana sadzaphunzira atamera imvi. Lamulo la nthawi imeneyo linali kulola koleji kukhala ndi osewera a basare 85 okha, ndipo olowa kumene caka ciri conse anali ngati 25. Malo amene anasungira Eddie anamanidwa mnyamata wina, ndipo pofika June anyamata onse aluso anali atamangidwa kale ndi makalata ao; panalibenso kokatola wina wolowa m'malo. Oikira kumbuyo Bambo Kelly anati ngati ali yense angasaine m'February nasintha maganizo m'June, ndiye kuti kalatayo ndi pepala lopicirira fodya. Ena anafika pokayika ngati matenda a agogo ndiwo anali cifukwa ceniceni. Iwo anati kucokera ku Auburn kufika ku Los Angeles pali makilomita oposa 600, ndiye si pakhomo ai, ndipo anakumbutsa kuti mnyamata yemweyu anali atalonjezapo pakamwa kupita ku USC nabweza mau.

Kwa owerenga pepala lino, amene ambiri analeredwa pa miyendo ya agogo, nkobvuta kumvetsa kuti mwana ayenera kukaima pamaso pa komiti ndi kupereka umboni wa cifukwa cimene afunira kukhala pafupi ndi nkhalamba yodwala. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Makilomita 600 ndi ulendo wa tsiku limodzi pa galimoto, kapena ora limodzi ndi kanthu pa ndege, ndipo munthu angapite Loweruka nabwerako Lamulungu. Makilomita 3,000 pakati pa nyengo ya mpira ndi nkhani ina. Ndipo ngakhale zitakhala kuti mumtima mwa mnyamatayo munasakanizika zifukwa ziwiri, cikondi ca agogo ndi kukonda UCLA, kodi ndani wa zaka 18 amene mtima wace uli ndi cipinda cimodzi cokha? M'February agogo ndi mwana anali kuona zinthu mwa mtundu wina, m'May naziona mwa mtundu wina. Kalata yokha ndiyo inali yosasintha.

Koma cimene cinafooketsa kwambiri mlandu wa Bambo Kelly cinali mbiri yao yomwe. M'December 2009 timu ya Cincinnati, imene anali kuphunzitsa, inali itapambana masewero onse 12 a nyengoyo ndipo inali kukonzekera masewero akulu a Sugar Bowl. Notre Dame itawaitana, iwo ananyamuka masewerowo asanacitike, pangano lao la nchito lisanathe, nasiya anyamata amene iwo eni anawakopa m'nyumba za makolo ao. Anyamatawo anakagonja kwa Florida ndi 51 kwa 24. Ndiponso m'January 2013, mwezi umodzi cabe Eddie asanasaine, Notre Dame itangogonja kwa Alabama ndi 42 kwa 14 pa masewero olimbirana ukatswiri wa dziko, Bambo Kelly anakakambirana za nchito ndi timu ya NFL ya Philadelphia Eagles. Anatsala ku Notre Dame, inde, koma akanafuna kupita panalibe komiti imene ikanawakhazika pansi caka cathunthu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Koci akaphwanya pangano amalipira ndalama, ndipo kawiri-kawiri amene amamlipirira ndi omwe akumlemba nchito yatsopano. M'mawa mwace ali kale pa wailesi ya kanema atabvala cipewa ca timu ina. Mnyamata akaphwanya anali kulipira ndi caka ca moyo wace, ndipo m'masewero amene bondo lingathyoke tsiku liri lonse caka si kanthu kakang'ono. Koci asanasaine pangano lace amakhala ndi maloya omuwerengera ciganizo ciri conse ndi kukanganira pamene sipanamkomere. Mnyamata anali kupatsidwa kalata yosindikizidwa kale, yofanana kwa onse, yosalola kusintha ngakhale cilembo cimodzi. Ndipo ngakhale kalatayo inali kunena kuti wasaina ndi koleji, amene anabwera kudzakhala pa mpando wa m'nyumba mwao, nadya cakudya ca amai ace, nalonjeza kuti adzamsunga ngati mwana wace, anali munthu wa dzina ndi nkhope. Mwana sakhulupirira makoma a njerwa amene sanagonemo. Amakhulupirira munthu amene wamgwira canza.

Koleji nayo inali ndi zitseko zace zothawira. Lonjezo lace linali la caka cimodzi, ndipo kwa zaka zambiri basare inali kulembedwanso caka ndi caka monga momwe koci wafunira. Mnyamata akakanidwa malo ndi ofesi yolandira ophunzira, kalata inali kufa yokha. Makoleji ena anali kusainitsa anyamata oposa malo amene anali nao, poyembekezera kuti ena adzalephera mayeso. M'caka ca 2009 yunivesite ya Mississippi inasainitsa 37 tsiku limodzi, kotero kuti gulu la makoleji a kum'mwera linacita kuika malire. Ziwerengero zikapanda kugwirizana, mwana wina anali kuuzidwa kuti ayambe wadikira kwao kufikira January, katundu atamanga kale.

Eddie sanagonje. Dongosolo la kalatayi linali ndi komiti yomva madandaulo, ndipo iye anakapereka apilu kumeneko. Milungu inali kupita, nthawi yoyamba kukonzekera nyengo inali kuyandikira, mnyamatayo osadziwa ngati adzabvala cisoti kapena adzaonerera anzace ali pambali pa bwalo. Kumapeto kwa July 2013 komitiyo inagamula momkomera, nimlola kusewera ku UCLA caka comweco popanda cilango. Bambo Kelly ananena kuti sanagwirizane ndi cigamuloco, koma anacilandira. Eddie anasewera bwino ndithu caka cimeneco ndi cotsatira, motsogozedwa ndi koci Jim Mora. Kenaka m'masewero oyamba a 2015, polimbana ndi Virginia, anaduka mtsempha wa bondo nakhala pansi nyengo yonse. M'caka ca 2017 timu ya Oakland Raiders inamtenga m'NFL, koma pa masewero otsiriza a nyengo yace yoyamba anadukanso mtsempha wa bondo, ndipo pambuyo pace anasewera masewero owerengeka cabe. Wowerenga aziwerengera yekha kuti caka cimene cinatsala pang'ono kumlandidwa cinali gawo lalikulu bwanji la masiku ace m'bwalo.

Tsiku lomwe lija Eddie anasaina, ku Florida kunacitika za mtundu wina. Mnyamata wothamanga ndi mpira, Alex Collins, anali atasankha koleji ya Arkansas, koma amai ace anakana kusaina natenga mapepalawo kupita nao, cifukwa sanafune kuti mwana wao apite kutali cotero. Dziko linaseka, atolankhani napanga nthabwala, ndipo mawa lace atate ace ndiwo anasaina. Komatu pa anthu onse a tsikulo, mai ameneyu ndiye anaona kalatayo monga momwe inaliri, cinthu colemera cosayenera kusainidwa mothamanga anthu akuomba m'manja.

WINA ANAIKA COLEMBERA PANSI

Patapita zaka ziwiri, mlungu umodzi wa February 2015 unaphunzitsa anyamata zambiri. Mike Weber wa ku Detroit, atazengereza pakati pa Michigan ndi Ohio State, anasaina ndi Ohio State Lacitatu pa 4 February. Tsiku lotsatira kunamveka kuti Bambo Stan Drayton, mphunzitsi amene anayenera kumsula pa nchito yace yothamanga ndi mpira, apita ku timu ya NFL ya Chicago Bears. Mnyamatayo anadandaula poyera kuti zampweteka, koma dzina linali litalembedwa kale, ndipo anakhala.

Lacitatu lomwelo, m'tauni yaing'ono ya Montezuma m'cigawo ca Georgia, mnyamata wina dzina lace Roquan Smith analengeza pa wailesi ya kanema kuti wasankha UCLA. Asanatumize kalata, mbiri inamfika yakuti Bambo Jeff Ulbrich, mphunzitsi amene anamkopa, ali pafupi kupita ku Atlanta Falcons. Smith anaika colembera pansi. Patapita masiku owerengeka Bambo Ulbrich anapitadi, ndipo Smith anasankha yunivesite ya Georgia, koma anakana kusaina National Letter of Intent. Anasaina cabe pepala la basare, limene linali kumanga koleji osamanga mnyamata. Ambiri anadabwa kumva kuti zimenezi nzololedwa. Coonadi ncakuti kalatayi sinali yokakamiza ciyambire, kungoti anyamata amene anali ndi mphamvu zouza koleji kuti iwasungire malo popanda kalata anali owerengeka. Wamba akanayesa, malo ace akanapita kwa wina dzuwa lisanalowe. Smith analandira mphotho ya Butkus mu 2017, ndipo mu 2018 Chicago Bears inamsankha wacisanu ndi citatu pa anyamata onse olowa m'NFL caka cimeneco.

Mkangano wowawa koposa unabuka ku Texas. M'May 2016 yunivesite ya Baylor inacotsa nchito koci wace, Bambo Art Briles, kafukufuku ataonetsa kuti madandaulo a akazi ogwiriridwa, ena okhudza osewera mpira, sanasamalidwe moyenera. Anyamata ena amene anasaina m'February, pamodzi ndi makolo ao, anapempha kumasulidwa. Yunivesite inayamba yazengereza, koci wogwirizira napempha nthawi kuti akambe ndi mabanjawo, koma kumapeto kwa June inamasula asanu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana aja anasaina ataona kunja kokha, pamene odziwa za m'kati anali akulu a koleji, ndipo kuti omwewo akhalenso ndi mphamvu yokana kapena kulola cinali cinthu cobvuta kuciikira kumbuyo.

Kucokera mu 2017 anyamata analoledwa kusaina m'December, ndipo ambiri anayamba kutero. Izi zinakulitsa bvuto, pakuti December ndi January ndiyo miyezi imene makoci amacotsedwa ndi kusamuka.

NDALAMA ZILOWA

Pa 1 July 2021 bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji, linalola osewera kulandira ndalama pogwiritsa nchito dzina ndi cithunzi cao pa malonda. Anthu olemera okonda matimu anapanga magulu osonkha ndalama, ndipo mapangano atsopano anayamba kulembedwa pambali pa kalata yakale. Jaden Rashada wa ku Pittsburg m'cigawo ca California, woponya mpira waluso, anali atalonjeza pakamwa kupita ku Miami. M'November 2022 anatembenukira ku yunivesite ya Florida, ndipo pambuyo pace kunamveka kuti gulu lina la okonda timuyo linamlonjeza madola 13.85 miliyoni pa zaka zinai. Gululo linabweza pangano la ndalamalo kuciyambi kwa December, komabe mnyamatayo anasaina kalata pa 21 December. M'January 2023 sanaoneke pa sukulu, anapempha kumasulidwa, ndipo Florida inammasula m'masiku owerengeka. Anapita ku Arizona State, kenaka ku Georgia, ndipo m'May 2024 anasumira ku bwalo la milandu koci wa Florida wa nthawiyo, Bambo Billy Napier, ndi anthu ena, ponena kuti anamnyenga ndi malonjezo kuti asaine. Bambo Napier anakana mlanduwo.

Eddie anapempha cifukwa ca agogo nakanidwa. Rashada anapempha cifukwa ca madola namasulidwa msanga. Sikuti mitima ya akulu inafewa m'zaka khumi zimenezo. Kunali kuopa oweruza. Mabwalo a milandu a ku America anali atayamba kuyang'ana malamulo a NCAA ndi diso lokayika, ndipo m'June 2021 Bwalo Lalikulu la dzikolo, oweruza onse asanu ndi anai mogwirizana, linagamula motsutsa bungweli pa mlandu wa Alston. Cicokere pamenepo koleji iri yonse inali kudziwa kuti ikaumirira mwana, nkhaniyo ingakathere pamaso pa woweruza, ndipo kumeneko makalata ndi mauthenga onse a m'matelefoni adzawerengedwa poyera.

Motero kalata yakale inayamba kukumuka ngati nkhokwe yodyedwa ndi ciswe. Mu 2023 eni ace anafewetsa lamulo kuti koci wamkulu akacoka, wosaina angapemphe kumasulidwa popanda cilango, cinthu cimene makolo anali kupempha kwa zaka makumi ambiri. Ndipo pa 9 October 2024 NCAA inathetsa National Letter of Intent m'makoleji akulu a gawo loyamba, itakhala zaka 60. M'malo mwace mnyamata amasaina pangano la basare mwacindunji ndi koleji, ndipo akasaina makoleji ena amaletsedwabe kumnyengerera.

Kodi ndiye kuti goli lathyoka? M'June 2025 woweruza Claudia Wilken anabvomereza cimvano pa mlandu wa House, cimene cinalola koleji iri yonse kugawira osewera ace ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'caka coyamba. Tsopano mnyamata waluso amasainanso pangano la malipiro, la masamba ambiri, ndipo ena mwa mapangano amenewa ali ndi ziganizo zomlipiritsa akacoka msanga. Mwezi womwewo yunivesite ya Wisconsin inasumira ya Miami, ponena kuti inakopa wosewera wace amene anali atasaina pangano la zaka ziwiri. Mkangano ndi womwe uja, wangosintha malaya. Kusiyana kwace nkwakuti tsopano mnyamata naye angabwere ndi loya wace, ndipo cimene amkanganira ndi ndalama, monga momwe amacitira ndi makoci. Izi nzabwinoko, ngakhale kuti mwana wa m'banja losauka, wosapeza womuwerengera bwino mapepalawo, angadzuke ali m'ngongole asanamere ndebvu.

Za Bambo Kelly ndi Notre Dame zinatha motere. Kumapeto kwa November 2021, timu yao itapambana masewero 11 mwa 12 ndipo ikali ndi ciyembekezo colowa mu mpikisano wa ukatswiri, kunamveka kuti abvomera nchito ku LSU, m'cigawo ca Louisiana, pa pangano la zaka khumi la madola 95 miliyoni, nchito imene anadzacotsedwapo m'October 2025. Osewera ao anayamba kumva mbiriyi kwa atolankhani. Uthenga wa koci unawafika usiku pa matelefoni, wowaitanira ku msonkhano wa 7 koloko m'mawa, ndipo msonkhanowo unatha m'mphindi zowerengeka. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti anyamata atsopano asaine makalata ao. Tsiku limene mbiriyo inaphulika, Bambo Kelly anali atangocoka m'nyumba ya banja lina m'cigawo ca Washington, kumene analandiridwa ndi cakudya pokamba ndi mwana wa m'nyumbamo za kubwera kwace ku Notre Dame. Pakati pa December mnyamatayo anasaina kalata yace, ndipo anapita ku Notre Dame.